Kapuku wa Zala Zisanu ndi Chimodzi

Ermelinda anali m'munda wa mbatata ya kachewere wa bambo ake ku Ntengo-Wambalame pamene foto ija inalowa mu telefoni yake. Anali atabwera kudzapuma kuchokera ku Portugal, kumene ankagwira ntchito mu labolatoliyo yofufuza mmene zala zimapangikira pa timiyendo ta mbewa zikadali m'mimba. Kumudzi ntchito yakeyi inali nkhani yoseketsa. Bambo ake, a Cornélio, ankauza aliyense wodutsa kuti, "Mwana wanga anakwera ndege kukaphunzira mbewa. Ine ndadya mbewa moyo wanga wonse, koma palibe anandipatsako dipuloma."

M'mawa umenewo kunkazizira, mwezi wa Mayu ukupita kumapeto. Ermelinda ankatola kachewere m'mizere imene mlongo wake Nélio ankakumba, manja ali bii ndi dothi. Telefoni italira anaitulutsa ndi zala ziwiri, n'kuona kuti uthengawo wachokera kwa msuweni wake Belmiro, mwana wa azakhali ake a Bertina a ku Chidzolomondo, ku Macanga. Kumeneko n'kumene a Cornélio anabadwira. Iwo anakumana ndi mayi a Ermelinda ku Malawi nthawi yothawa nkhondo, ndipo pobwerera anatsata mkazi wawo ku Tsangano.

Belmiro anali atatumiza foto ndi mawu ojambula. Ermelinda anayamba ndi mawuwo.

"Msuweni, dotola wa mbewa, taona mnzako uyu. Ndamukumba lero m'munda wa chimanga. Mapazi ake ngati a bakha. Ndimuphike, kapena uli naye ndi mafunso?"

Ermelinda anaseka, n'kutsegula fotoyo. Anali kapuku, mbewa yodziwika ya m'minda, atamugwira pakhosi, timiyendo takumbuyo tili balala. Anakulitsa fotoyo ndi zala zake zamatopezo, ndipo kuseka kunamuthera pakamwa. Phazi lakumbuyo la mbewa limakhala ndi zala zisanu. Apa anawerenga zisanu ndi chimodzi. Anapukuta galasi la telefoni pa kapulana yake, chitenje chimene anamanga m'chiuno, n'kuwerenganso. Zinali zomwezo, ndiponso phazi linalo chimodzimodzi. Chala choonjezeracho chinali kumbali ya chala chachikulu, chachitali bwinobwino, ndi chikhadabo chake.

Anakuwa mwakuti Nélio anataya khasu n'kudumphira kumbali.

"Njoka?" anafunsa a Cornélio akubwera chothamanga kuchokera kumapeto kwa munda.

"Si njoka, ababa! Taonani! Taonani phazi ili!"

A Cornélio anatalikitsa telefoni ndi nkhope yawo, n'kutsinzina diso limodzi. "Kapuku wonona ameneyu. Ndiye wakuwiranji?"

Ermelinda anali akuimbira kale msuweni wake. Belmiro atayankha, mawu ake ankamveka moduladula.

"Usaphe! Belmiro, ukundimva? Usaphe mbewa imeneyo!"

"Ili m'ndowa, ili moyo," anatero Belmiro. "Koma amayi aiona. Akuti ndi malodza, poti mkazi wanga Delfina ali ndi pakati. Akuti isagone pakhomo pano, ndikai..."

Mawu anathera pomwepo. Ermelinda anaimbanso kangapo, koma telefoni ya Belmiro sinapezekenso.

Ku labolatoliyo Ermelinda anali ataonapo mbewa zambiri za zala zoonjezera, koma zonsezo zinali mbewa zoweta, zambiri mwa izo zosinthidwa dala ndi akatswiri. Kapuku wakutchire wa mapazi otere anali asanamvepo. Anatembenukira kwa mlongo wake.

"Nélio, mota ili ndi gazolina?"

"Mana," anatero Nélio, kuitana mlongo wake m'Chipwitikizi, "ku Chidzolomondo si kuseri kwa phiri ili ayi. Ndiye kachewereyu?"

"Kachewere sathawa. Tiye!"

A Cornélio anapukusa mutu, koma ankaoneka kuti nkhaniyo yawasangalatsa. "Pitani. Mukawauze achemwali kuti ndati asalimbane ndi chakudya cha mwana wanga. Ndipo mutenge thumba la kachewere, musakalowe pakhomo pa eni manja lende."

Anamanga thumbalo kumbuyo kwa mota, njinga yamoto ija, Ermelinda n'kukhala pakati pa thumba ndi Nélio, kachikwama kali pamimba. M'kachikwamamo munali lupa, kagalasi kokulitsira zinthu kamene sankasiyana nako. Anatsika mapiri a Tsangano mphepo ikuwabaya m'makutu, nadutsa Ulongwe osaima. Pa Domwe tayala lakumbuyo linaphwa. Pamene munthu wokonza ankamata chubu pansi pa mtengo, Ermelinda ankangozungulira, telefoni ili m'mwamba kufuna rede, netiweki ija. Anaimbira Belmiro, osapezeka. Anaimbira azakhali ake, osapezeka.

"Khalani pansi, mana, mukumuchititsa chizungulire mmisiriyu," anatero Nélio.

"Akaiwiritsa basi zatha. Ukudziwa zimenezo?"

"Mapazi sasungunuka m'madzi otentha. Mukawerenga zalazo ili pa kamtengo."

"Ndikufuna yamoyo! Yakufa ingandiuze za iyo yokha. Yamoyo ingandiuze ngati ana ake adzakhalenso otero."

Kuchokera pa Domwe msewu unali wafumbi. Malole a fodya ankawasiyira mtambo wofiira moti Nélio ankayenda chongoganizira. Pofika ku Furancungo onse awiri anali ofiira mpaka nsidze. Ermelinda analumpha mota isanaime bwino, n'kulowa mu famasiya, sitolo ya mankhwala, kukagula magolovesi ndi botolo la alukolo wophera tizilombo. Kumsika anapeza sefa yawaya ndi beseni lalikulu lachitsulo. Nélio anayang'ana katunduyo, n'kuyang'ana mota yake.

"Beseni ili likhala pati?"

"Pamutu panga."

Ndipo analowadi m'njira ya ku Chidzolomondo beseni lili pamutu ngati chisoti, Ermelinda ataligwira ndi dzanja limodzi, anthu a m'njira akuima kuwayang'ana.

Anafika dzuwa litapendeka. A Bertina anali pakhonde akutong'ola chimanga, ndipo ataona anthu awiri ofiira ndi beseni anaimirira mwamantha, kenako anawazindikira n'kululuta. Ermelinda anagwada, napereka moni wonse monga mwa mwambo, nafotokoza za moyo wa ababa ndi amayi, napereka kachewere. Mtima wake unali ku ndowa yabuluu imene inali pafupi ndi nkhokwe. Moni utatha anapita kukasuzumira. Munali zikonyo ziwiri za chimanga basi.

Belmiro anatulukira kuseri kwa nyumba akukanda m'mutu.

"Msuweni, telefoni inatha moto. Amayi anati ndikaiponye kumtsinje. Ndinapita kukamwetsa ng'ombe kaye, pobwera ndapeza m'ndowa mulibe kanthu. Kapena mphaka, kapena yadumpha."

Ermelinda anakhala pansi pafumbi pomwepo.

"Zachita bwino," anatero a Bertina. "Chinthu chotere pakhomo pa munthu wodwala pakati! Mukufuna mwana abadwe bwanji?"

Mkazi wa Belmiro, Delfina, amene anabwera pamudzipo chitengwa, anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja lili pachiuno. Anadikira apongozi ake alowe m'nyumba kukasunga kachewere, kenako anayandikira n'kunong'ona.

"Alamu, tiyeni mukandithandize kutenga nkhuni kuchigafa."

Chigafa cha fodya chinali kumapeto kwa munda, chopanda kanthu poti fodya anali atapita kale kumsika. Pakona panali mtsuko wakale wothyoka kukamwa, wovundikiridwa ndi lichero, mwala uli pamwamba. Delfina anachotsa mwalawo.

"Ndinaibisa ine," anatero. "Nditaiyang'ana bwino ndinaona kuti mimba yake si yonona ayi. Ili ngati ine ndemwe. Ndinalephera kuti akaiponye m'madzi."

Ermelinda anasuzumira. Pansi pa mtsuko, pakati pa makoko a chimanga, timaso tiwiri takuda tinali phethiphethi. Anamukumbatira Delfina mwamphamvu mpaka Delfinayo anati, "Pang'onopang'ono, alamu, tilipo awiri." Kenako anathamangira pakhomo la chigafa n'kukuwa.

"Nélio! Belmiro! Ilipo! Bweretsani beseni!"

Anavala magolovesi. Anaigwira mbewayo pachikopa chakumbuyo kwa khosi monga ankachitira tsiku lililonse kuntchito, naitembenuza, naika lupa pa phazi. Zala zisanu ndi chimodzi, zonse zoyenda, zonse zogwira. Kutsogolo manja anali abwinobwino. Mimba inali yotukuka m'mbali zonse ziwiri, mawere ataonekera.

"Ili ndi bere! Belmiro, ukudziwa chimene wakumba iwe?"

"Ndiwo," anatero Belmiro.

Kukuwa kuja kunafika mpaka kunyumba. A Bertina anatulukira pakhomo la chigafa nkhope itachita mdima. Anayang'ana mbewa, kenako mpongozi wawo.

"Delfina, ndiwe wachita zimenezi?"

Delfina anawerama. Ermelinda anaika mbewa m'beseni, Nélio n'kuvundikira ndi sefa, ndipo iye anagwada pafupi ndi azakhali ake.

"Azakhali, musamukalipire. Ndiloleni ndikuuzeni chimene chinachitikira mbewa iyi. Mukapanda kukhutira, ndiitenga lero lomwe, ichoke pamudzi pano."

A Bertina sanachoke. Anakhala pa chipika chimene chinali pakhomo, n'kupinda manja.

"Kamwana ka mbewa kakamayamba m'mimba," anatero Ermelinda, "mwendo umayamba ngati kachotupa, kochepa kuposa njere ya mawere. Kenako nsonga yake imaphwatalala ngati chipande. Zala palibe. Ine ntchito yanga ndi kuyang'ana kachipande kameneko ndi makina okulitsa. Funso ndi lakuti, tinthu tating'onoting'ono timene timamanga thupi, timati maselula, timadziwa bwanji kuti apa pakhale chala chachikulu, apo pakhale kachala kotsiriza? Pajatu palibe mmisiri woima pamenepo ndi chingwe choyezera."

"Mulungu ndiye mmisiri," anatero a Bertina.

"Sindikukana, azakhali. Ine ndimangoyang'ana zida zimene zimagwira ntchitoyo. Mwamva belu la kukapela kumene mumapemphera kuno. Likalira, a nyumba zapafupi amalimva kwambiri. Apakati amalimva pang'ono. Akutsidya kwa dambo mwina salimva n'komwe. Pa kachipande kaja, kumbali imene kudzakhale kachala kotsiriza, pali kamalo kamene kamatulutsa kamankhwala. Kamankhwalako ndiye belu. Maselula amene alandira kambiri, kwa nthawi yaitali, amapanga zala za mbali imeneyo. Amene alandira pang'ono amapanga zapakati. Akutali, amene sanalandire, amapanga chala chachikulu."

Belmiro anali atatambasula dzanja lake, akuliyang'ana ngati lachilendo.

"Tsono belu limayenera kukhala limodzi, kumbali imodzi," anapitiriza Ermelinda. "Chimene chimalamula kuti lilire pati ndi malangizo amene mwana amalandira kwa bambo ndi mayi ake. Timati majene."

"Majini!" A Bertina anawomba m'manja kamodzi. "Wanena wekha. Ndimanena ine kuti chinthuchi chili ndi majini."

Nélio anaphulika ndi phwete mpaka anatuluka panja. Ngakhale Delfina anabisa nkhope m'kapulana.

"Ayi, azakhali, osati ziwanda. Majene. Chimene chinachititsa kuti Belmiro atenge mphuno ya malemu bambo ake, ndi kuti inu ndi ababa mukhale ndi mpata wofanana pamano. Malangizo amenewo akalakwika pang'ono, ngakhale kachilembo kamodzi, belu lachiwiri limalira kumbali ya chala chachikulu. Maselula a kumeneko amamva kuitana kumene samayenera kumva, amachulukana, n'kupanga chala china. Ndikuganiza kuti n'zimene zinachitikira kapuku uyu, iye asanabadwe n'komwe. Zimachitikanso kwa amphaka, kwa nkhuku, ngakhale kwa anthu. Sizilowa m'maso mwa munthu woyang'ana. Zala za mwana wa Delfina zinapangika kalekale, mimba isanaoneke."

A Bertina anayang'ana beseni.

"Ndiye ukuti Delfina aziigwira, aziisisita?"

"Ayi, zimenezo ayi. Mbewa zakutchire zina zimanyamula matenda m'mikodzo ndi m'ndowe. Munthu woyembekezera asaigwire, asasese pamene yakhala. Ine ndemwe mwaona ndavala magolovesi."

"Ehee!" anatero a Bertina, akutembenukira kwa mpongozi wawo. "Wamva? Adotola anena. Si zomwe ndimanena ine?"

Ermelinda anafuna kunena kuti si zomwezo kwenikweni, koma Belmiro anamutsina pachigongono, ndipo anatseka pakamwa. Anagwirizana kuti mbewayo ikhale kuchigafa, isafike kunyumba, ndipo Delfina aziionera patali.

Nélio anabwerera ku Tsangano m'mawa mwake kukamaliza kachewere. Ermelinda anatsala. M'beseni anaikamo dothi, udzu wouma, chitini chogoneka choti mbewa izibisalamo, ndi kachivundikiro ka botolo ka madzi. Ankaipatsa chimanga, mtedza ndi ziwala. Kuti alankhule ndi a kuntchito ankakwera chulu chachitali cha kumunda kwa oyandikana nawo, pokhapo pamene rede inkagwira. Mkulu wa labolatoliyo yawo, Dotola Telma, ataona mafoto anaimba nthawi yomweyo, akulankhula Chipwitikizi mothamanga mwakuti Ermelinda anachita kuwapempha kuti abwereze. Onse awiri ankadziwa kuti foto yokha sikwanira. Phazi lingathe kupangika molakwika mwangozi, popanda chilichonse chochokera kwa makolo. Yankho linali m'mimba mwa kapukuyo. Ngati vutolo linali m'majene, ndipo linali la mtundu umene Ermelinda ankaganizira, ana ena akanatenga mapazi a mayi wawo, ena ayi.

Tsiku lina m'mawa Ermelinda atapita ndi mtedza anamva timawu tochepetsetsa kuchokera m'chitini. Anagwada n'kusuzumira. Munali timinofu tofiira, topanda ubweya, tikuyendayenda pansi pa mimba ya mayi wawo. Anatuluka m'chigafa chonyang'ama, ndipo atafika patali anathamanga mpaka kunyumba.

"Yabereka! Azakhali, yabereka!"

A Bertina anagwetsa chipande, n'kuyang'ana kukhitchini kumene kunali Delfina.

"Ndani?"

"Kapuku!"

"Iwe mwana iwe, udzandipha ndi mtima!"

Belmiro anafuna kuti apite nthawi yomweyo kukawerenga zala, koma Ermelinda anamuletsa. Mbewa yakutchire ikasokonezedwa itangobereka imatha kudya ana ake. Komanso tiana tikangobadwa zala zimakhala zikadali zolumikizana ndi kachikopa, zimalekana bwino pakapita masiku. Anayenera kudikira.

Kudikirako kunamuvuta iye mwini kuposa wina aliyense. Ankathandiza kutong'ola chimanga, koma maso ali kuchigafa. Ankapita kukathira madzi m'kachivundikiro kodzaza kale. Belmiro ankamuseka kuti ngakhale azamba a kuchipatala cha ku Furancungo sayendera odwala awo chotero. Nkhani inali itafalikira mudzi wonse, ndipo amuna obwera kokumba mbewa ankaima pakhomo kufunsa kuti mlendo wa mapazi a bakha wagona bwanji.

Tiana titayamba kumera ubweya wotuwa, Ermelinda anati tsiku lakwana. Anasankha nthawi ya masana kuti kuwala kukhale kokwanira. Anayala kapulana yoyera pakhomo la chigafa, nasamutsira mayi wa tianato mumtsuko ndi mtedza woti atanganidwe nawo. Asanagwire tiana anapaka magolovesi ake ndi udzu wa m'chisa kuti fungo lake lisatsalire. Belmiro anagwira lupa. Delfina anakhala pampando patali pang'ono monga anagwirizana, ndipo a Bertina anaima kumbuyo kwake, akunena kuti iwo angobwera kudzaona ngati mpongozi wawo akumvera. Anthu ena a m'mudzi anaima m'mbali mwa munda.

Tiana tinalipo tisanu ndi tinayi. Ermelinda anatenga koyamba, nakagoneka chagada m'dzanja lake, natambasula kaphazi ndi kaudzu.

"Zisanu," anatero. Phazi linalo, zisanu.

Kachiwiri, zisanu. Kachitatu, zisanu. Anayamba kuganiza zimene akanene pa chulu paja, kuti zinali ngozi chabe, kuti ulendo wonse uja ndi beseni pamutu unathera pa mbewa imodzi yopunduka phazi.

Anatenga kachinayi. Asanaike n'komwe kaudzu anaona kuti kaphaziko n'kotambalala.

"Belmiro, sendeza lupa. Sendeza! Usanjenjemere!"

"Ukunjenjemera ndiwe!"

Anawerenga mokweza, chala chimodzichimodzi, ndipo atafika pa chachisanu panatsala china.

"Seyishi!" anakuwa m'Chipwitikizi. "Zisanu ndi chimodzi! Katengera amake!"

Delfina analuluta ali pampando pomwepo. Amuna a m'mbali mwa munda anayandikira, akukankhana kuti aone. Ermelinda anafuna kudumpha, koma m'dzanja munali kamwana, choncho anangopondaponda pansi ndi mapazi, misozi ikutsika m'masaya. Anakaika pambali, m'chipewa cha Belmiro.

Kachisanu, zisanu. Kachisanu ndi chimodzi kanalowa m'chipewa. Kotsatira kanalowanso m'chipewa. Nthawi iliyonse anthu ankawerengera limodzi mokweza ngati ana a shikola m'kalasi, ndipo chala choonjezera chikapezeka ankakuwa ngati chigoli chalowa. Kachisanu ndi chitatu kanali ndi zisanu. Pa kotsiriza panabuka mkangano. Phazi lamanja linali ndi zisanu ndi chimodzi, koma lamanzere Ermelinda anaona zisanu ndi ziwiri, pamene Belmiro ankaumirira kuti chinacho ndi kachitsotso.

"Kachitsotso kali ndi chikhadabo?" anafunsa Ermelinda.

"Maso ako ndi a ku Ulaya, azolowera magetsi."

"Tapatseni kuno galasilo," anatero mawu kumbuyo kwawo.

Anali a Bertina. Anali atafika pafupi osaonedwa. Analanda lupa m'manja mwa mwana wawo, nagwada pa kapulana, naisendeza kutsogolo ndi kumbuyo mpaka anapeza pooneka bwino. Anayang'ana nthawi yaitali, milomo ikuyenda.

"Zisanu ndi ziwiri," anatero. "Chinacho chagawikana pawiri kunsonga, ngati mphanda. Iwe Belmiro ndiwe wakhungu." Anapitiriza kuyang'ana. "Koma timakhadabo take! Tating'ono chonchi, koma tonse tilipo."

Ermelinda anabwezera tiana tonse m'chisa, kenako mayi wawo, amene anatinunkhiza n'kutigonera osavuta. Atatsimikiza kuti zili bwino anavula magolovesi, nasamba m'manja ndi alukolo, n'kuthamangira kuchulu, kapulana atagwira m'manja kuti isamukole. Dotola Telma anayankha kulira koyamba.

"Anayi mwa asanu ndi anayi!" anakuwa Ermelinda. "Mapazi akumbuyo okha, kumbali ya chala chachikulu. Kamodzi kali ndi zisanu ndi ziwiri!"

Kumbali inayo kunamveka kukuwa, kenako mawu a anthu ena a mu labolatoliyo akufunsa chimene chachitika. Atadekha anayamba kukambirana zochita. Panafunika tizidutswa tating'ono ta khutu la mbewa iliyonse, tosungidwa mu alukolo, kuti akawerenge majene ake, makamaka kachigawo kamene kamalamula malo olirira belu lija. Koma tizidutswato sitikanatuluka m'dziko popanda chilolezo cha boma, ndipo Ermelinda ananena kuti akufuna ntchitoyo ichitike pamodzi ndi ofufuza a kuno kwawo, mbewa zamoyo zikhale ku Mozambique konkuno. Dotola Telma anavomera, namuuza kuti asadandaule za tsiku lobwerera, akonza kuti akhalitse.

Kenako anaimbira bambo ake. A Cornélio anamvetsera zonse, n'kufunsa kuti, "Ndiye achemwali anagwada pansi kuwerenga zala za mbewa? Bertina yemweyu? Nélio, tabwera udzamve!"

Potsika pachulu anapeza kunyumba kuli mlendo. Anali bambo wachikulire wa kutsidya kwa mtsinje, dzina lake a Virgílio, atakhala pa mpando, kathumba ka saka kali pakati pa miyendo. Kathumbako kankagwedezeka.

"Ndamva kuti kuno kuli dotola woyang'ana mapazi a mbewa," anatero atatha moni. "Ine chikhalire sindinayang'anepo phazi la mbewa, ndimangochotsa matumbo. Koma chimvereni nkhani yanuyi ndakhala ndikuyang'ana iliyonse ndisanaiphe. Lero ndapeza iyi."

Ermelinda anathamangira magolovesi. Anapisa dzanja m'thumba mosamala, naitulutsa. Anali kapuku wamphongo, wamkulu, wolusa, ndipo mapazi ake akumbuyo anali otambalala. Sanafunenso lupa.

"Mwaikumba kuti, abambo?" anafunsa.

"M'munda mwanga, kumtunda kwa dambo. Mauna alipo ambiri, sindinathe onse."

Munda wa a Virgílio unali kutali ndi wa Belmiro, mtsinje uli pakati. Ermelinda anaona nthawi yomweyo kuti nkhaniyi sinali ya banja limodzi la mbewa. Mwina m'dambo monsemo munali akapuku otere, akuberekana chaka ndi chaka, anthu n'kumawadya osayang'ana kumapazi.

"Mawa mungatiperekeze? Tikakumbe, koma osapha. Tizingoyang'ana mapazi, za zala zisanu muzitenga."

A Virgílio anaseka. "Mwana wa ku Ulaya agwira khasu?"

"Ndinakulira m'munda wa kachewere ine, abambo."

"Ndiye mubwere mame asanaume. Mbewa zimatuluka m'una wothawira, pamafunika anthu oima pamenepo ndi masaka."

Belmiro anati apita. Amuna ena awiri amene anali pomwepo anati nawonso apita. Ermelinda anayang'ana mphongo ija ili m'dzanja lake ikulimbana ndi golovesi, n'kukumbukira kuti beseni linali limodzi lokha, ndipo munali kale mayi ndi ana.

"Iyi ndiisunga muti?" anafunsa.

A Bertina anadzuka, nalowa m'nyumba. Anatuluka ndi mphika waukulu wadothi umene ankaphikiramo thobwa pa zikondwerero, nauika pansi patsogolo pa Ermelinda.

"Koma ukatha uutsuke ndi mankhwala akowo," anatero. "Ndipo upite nawo kuchigafa. Kunyumba kuno ayi."